Rose Chibambo

Rose Lomathinda Chibambo (8 Seputembala 1928 – 12 Januwale 2016) anali mayi wandale wa ku Malawi amene anasonkhanitsa amayi kuti alimbane nawo ndi ulamuliro wa atsamunda komanso chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Iwo anayambitsa ndi kutsogolera bungwe la amayi la chipani cha Nyasaland African Congress, anatsekeredwa m'ndende mu 1959 ali ndi khanda kumanja, ndipo anali mayi woyamba wachimalawi kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr. Hastings Kamuzu Banda anawachotsa pa udindo, ndipo anakhala kunja kwa dziko zaka pafupifupi 30. Atabwerako anakhazikika mumzinda wa Mzuzu, komwe kuli msewu wa dzina lawo komanso manda awo. Nkhope yawo ndi imene ili pa ndalama ya K200.

Ubwana ndi banja

Mayi Chibambo anabadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba, ku banja la a Ziba. Lomathinda ndi dzina lachingoni lonena za mwana wolanditsidwa ku manda. Maina otere makolo amapatsa mwana amene sankayembekezera kuti akhala ndi moyo. Kafukule ali m'dera la mafumu achingoni a pansi pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndipo sukulu za kumeneko nthawi imeneyo zinali m'manja mwa mishoni ya Livingstonia. Sukuluzi zinaphunzitsa anyamata ambiri amene anakakhala aphunzitsi ndi makalaliki m'dziko lonse mpaka ku Rhodesia ndi ku South Africa, koma atsikana amene ankapitirira makalasi oyambirira anali ochepa kwambiri.

Mu 1947 anakwatiwa ndi Edwin Chibambo, yemwe anali mphunzitsi asanayambe ntchito m'boma. Banja limene anakwatiwako linali lodziwika kale m'chigawo cha kumpoto. Apongozi awo, M'busa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, anali mlangizi wa mafumu achingoni, mmodzi mwa oyambitsa bungwe la Mombera Native Association, komanso wolemba mbiri ya Angoni. Mu 1948 a Edwin anatumizidwa ku Zomba, lomwe linali likulu la dziko. Kumeneko Mayi Chibambo anapitiriza maphunziro pa sukulu ya madzulo ali woyembekezera mwana wawo woyamba. Banjali linabereka ana 6.

Chiyambi cha ndale ku Zomba

Chimene chinawalowetsa m'ndale ndi nkhani ya chitaganya. Boma la Britain ndi Azungu okhala ku Rhodesia ankafuna kuphatikiza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia pansi pa boma limodzi lokhala ku Salisbury. Anthu a ku Nyasaland anakana kwamtuwagalu, ndipo sankakana mwa umbuli. Amuna ambiri anali atagwirako ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo anadzionera okha zitupa, tsankho la khungu ndi kulandidwa kwa minda. Mantha awo anali akuti zomwezo zifika kwawo, ndipo lonjezo loti tsiku lina adzadzilamulira okha lithera pomwepo.

Mu 1952, mkanganowu uli mkati, Mayi Chibambo anaona kuti misonkhano ya Congress inkadzaza ndi amuna okhaokha. Anayamba kuyendera amayi anzawo ku Zomba, ambiri mwa iwo akazi a ogwira ntchito m'boma, n'kumakumana nawo. Ntchitoyi inali ndi chiopsezo chake, chifukwa wogwira ntchito m'boma sankaloledwa kuchita ndale, ndipo zochita za mkazi zikanatha kuchotsetsa mwamuna ntchito.

Pamisonkhano yawoyo sankangokamba za chitaganya. Ankayamba ndi zimene amayiwo ankakumana nazo tsiku ndi tsiku. M'masitolo ena munthu wakuda sankaloledwa kulowa, ankagulira pa kazenera kunja. M'zipatala amayi achikulire ankapimidwa m'chipinda chodzaza ndi atsikana a msinkhu wa ana awo, zomwe pa mwambo wathu ndi chipongwe chachikulu. Apa ndi pamene panagona luso lawo: mayi amene analibe nazo ntchito za malamulo okambidwa ku London ankamvetsa msanga akauzidwa kuti kazenera ka kusitoloko ndi chitaganyacho ndi nkhani imodzi.

Chitaganya chinakhazikitsidwabe mu 1953. Chaka chomwecho kunachitika zipolowe ku Thyolo ndi madera oyandikana nawo zomwe anthu 11 anaphedwapo, ndipo Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inachotsedwa pa ufumu chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma.

Ku Blantyre

Mu 1953 a Edwin Chibambo anasamutsidwira ku Blantyre, ndipo pambuyo pake anachotsedwa ntchito m'boma chifukwa cha ndale. Mayi Chibambo analowa nthambi ya Congress ya ku Blantyre n'kusankhidwa kukhala msungichuma, udindo umene panalibe mayi anali ataugwirapo m'chipanicho. Zaka zimenezi Congress inali itafooka kwambiri, popeza inalephera kuletsa chitaganya ndipo mamembala ambiri anagwa ulesi. Nthawi yovutayi ndi imene bungwe la amayi linazika mizu. Mmodzi mwa amene anagwira nawo ntchitoyi anali Vera Chirwa, amene pambuyo pake anakhala loya woyamba wamkazi m'Malawi. Atsogoleri a bungweli ankagula nsalu ya mtundu umodzi n'kusoketsa zovala zofanana kuti pagulu azioneka kuti ndi amodzi.

Mu 1956 pulezidenti wa Congress, James Sangala, ndi mlembi wamkulu, T.D.T. Banda, anazengedwa mlandu wolimbikitsa anthu kuukira boma. Mayi Chibambo anasonkhanitsa amayi, n'kukwera nawo basi kupita ku khoti ku Zomba akuimba nyimbo zokana chitaganya. Apolisi anawagwira ndipo analipitsidwa chindapusa. Masiku ano amayi oimba pa msonkhano wa ndale ndi chinthu chozolowereka moti munthu sachita nacho chidwi, koma mu 1956 kuimba kotero pamaso pa apolisi a atsamunda kunali kudziika pa mlandu.

Dr. Banda anafika pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndipo pa 1 Ogasiti anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Congress pamsonkhano wa ku Nkhata Bay. M'komiti yaikulu imene anasankha munali Dunduzu Chisiza ngati mlembi wamkulu, Henry Masauko Chipembere ngati msungichuma, Kanyama Chiume ngati mfalitsi wa nkhani, ndi Mayi Chibambo ngati mtsogoleri wa amayi. Anali mayi yekhayo m'komitiyo. Tiyenera kukumbukira kuti bungwe la amayi Dr. Banda analipeza lilipo kale. Chimene iye anachita ndi kulipatsa malo m'chipani, ndipo m'miyezi yotsatira linafalikira m'maboma onse pamene nthambi za Congress zinkachulukana.

Ndende ya Zomba

M'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti, analetsa chipani cha Congress, ndipo apolisi ndi asilikali anayamba kugwira atsogoleri ake. Boma linkanena kuti Congress inapangana zopha Azungu, Amwenye ndi mafumu pamsonkhano wa kutchire umene unachitika pafupi ndi Blantyre mu Januwale. Dr. Banda, Chipembere ndi Dunduzu Chisiza anatumizidwa ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay asilikali anaombera khamu la anthu amene anasonkhana padoko pomwe akaidi ankakwezedwa sitima ya Mpasa, ndipo anthu osachepera 20 anafa. Onse amene anaphedwa m'masabata amenewo anapitirira 50, ndipo omangidwa popanda kuzengedwa mlandu anaposa 1,000. N'chifukwa chake pa 3 Malichi ndi tsiku lokumbukira anthu ofera dziko.

A Edwin anagwidwa m'gulu loyambalo. Mayi Chibambo anali ndi pakati potopa, choncho boma linadikira. Atangochira, m'mwezi womwewo wa Malichi, anatengedwa pamodzi ndi khanda lawo la masiku ochepa kupita ku ndende ya Zomba. Mwanayo, wamkazi, anamutcha Gadi, dzina lochokera ku alonda amene ankawayang'anira. Anakhala m'ndendemo kupitirira chaka popanda kuonekera ku khoti, akuyamwitsa, kwinaku ana awo ena ali kunja opanda mayi ndi bambo.

Komiti yofufuza imene Britain inatumiza, yotsogozedwa ndi jaji Patrick Devlin, inatulutsa lipoti mu Julayi 1959. Lipotilo linapeza kuti panalibe umboni wa chiwembu chopha anthu chimene boma linkanena, ndiponso kuti pafupifupi aliyense m'dziko ankakana chitaganya. Kuyambira pamenepo chitaganyacho chinayamba kugwedezeka. Orton Chirwa ndi anzake anakhazikitsa Malawi Congress Party mu Seputembala 1959, Dr. Banda anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, ndipo Mayi Chibambo nawonso anamasulidwa chaka chomwecho. Anabwerera ku ntchito yawo ngati mtsogoleri wa amayi a chipani chatsopanocho, m'bungwe lotchedwa League of Malawi Women.

Ufulu ndi mkangano wa nduna

MCP inapambana chisankho cha Ogasiti 1961, Dr. Banda anakhala nduna yaikulu pa 1 Febuluwale 1963, chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo Malawi inalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Pofika tsikuli Mayi Chibambo anali phungu wa dera la kummwera kwa Mzimba. Kawirikawiri anthu amanena kuti anali nduna yoyamba yachikazi. Kunena molondola, udindo wawo unali wothandizira nduna, wofanana ndi wa wachiwiri kwa nduna masiku ano, ndipo sankakhala nawo pamisonkhano ya nduna. Ngakhale zili choncho, panalibe mayi wina amene anafikapo pamenepo.

Kumapeto kwa Ogasiti 1964 nduna zinamuuza Dr. Banda maso ndi maso zimene sizinkagwirizana nazo. Zinkadandaula kuti iye wadziunjikira maunduna ambiri ndipo amazinyoza pagulu ngati ana. Zinkatsutsa ubale wake ndi Portugal, imene inkalamulira Mozambique, komanso kukana kwake thandizo la dziko la China. Panalinso nkhani zina zokhudza anthu wamba: kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, lipoti la Skinner limene linakwiyitsa ogwira ntchito m'boma pa nkhani ya malipiro, ndi tiki, ndalama ya makobiri atatu imene odwala anayamba kulipira m'zipatala za boma. Tikiyo inkagwera kwambiri amayi, popeza ndiwo amapita ndi ana kuchipatala.

Pa 7 Seputembala Dr. Banda anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi pa unduna, pamodzi ndi Mayi Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi John Msonthi anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo, ngakhale Msonthi anabweza maganizo posakhalitsa, ndipo Chipembere anatula atangofika kuchokera ku Canada. Nyumba ya Malamulo inakumana ku Zomba pa 8 ndi 9 Seputembala kuti ionetse ngati ikumukhulupirirabe Dr. Banda. Tsiku loyamba la mkumanowo ndi limene Mayi Chibambo ankakwanitsa zaka 36. Iwo anaimirira m'Nyumbamo n'kukana kuti anachitapo chiwembu, koma aphungu anali atasankha kale mbali. Nyumbayo inavomereza Dr. Banda, ndipo ochotsedwawo anaimitsidwanso m'chipani.

N'zosavuta kuona chifukwa chake munthu amene sanali m'gulu la nduna anachotsedwa limodzi ndi nduna. Mayi Chibambo anali ndi anthu awoawo, amayi a m'nthambi za chipani m'dziko lonse amene anawadziwa Dr. Banda asanabwere. Mtsogoleri wofuna kuti aliyense aziyang'ana kwa iye yekha sakanalola kuti gulu lalikulu chotere likhale ndi mwini wina. Mkanganowu unagawanso mabanja: mlamu wawo, Qabaniso Chibambo, anatsalira ku mbali ya Dr. Banda ndipo anakhala nduna ya chigawo cha kumpoto kwa zaka zambiri.

Ku Zambia

Ochotsedwawo anayamba kutchedwa zigawenga, ndipo achinyamata a chipani ankazunza aliyense woganiziridwa kuti ali kumbali yawo. Mu 1965 Mayi Chibambo ndi amuna awo anathawira ku Zambia, dziko limene linali litangolandira ufulu mu Okutobala 1964 pansi pa Kenneth Kaunda. Kumeneko anayambiranso moyo pachabe.

Anzawo a mu 1964 ambiri sanabwererenso. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi kagulu ka zida cha ku Mwanza. Chipembere anamwalirira ku America mu 1975. Orton ndi Vera Chirwa anagwidwa mu Disembala 1981 cha kumalire a Zambia ndi Malawi, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, momwe Mayi Chibambo anatsekeredwa ndi atsamunda zaka 33 m'mbuyomo.

Kumudzi, bungwe limene iwo anayambitsa linapitirira koma linasintha ntchito. Malawi inakhala dziko la chipani chimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Iye ankadzitcha nkhoswe ya amayi onse, ndipo amayi a chipani ankatchedwa mbumba yake. Nsalu yofanana ija inakhala ya nkhope ya pulezidenti, ndipo nyimbo zinasanduka zomutamanda ndi zotukwana adani ake, kuphatikizapo nduna za mu 1964. Amayi ankatengedwa pa malole kukavina kulikonse kumene iye wapita, ofuna ndi osafuna omwe. Mbiri imene ana ankaphunzira kusukulu inkanena za munthu mmodzi amene anaphwanya chitaganya. Kutchula dzina la chigawenga kunali kudziputira mlandu, moti m'badwo wonse unakula osamvapo za Rose Chibambo.

Moyo wa ku Mzuzu

Amalawi atasankha matipate pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, boma linakhululukira onse amene anathawa pa zifukwa za ndale. Mayi Chibambo anabwerera kwawo mu 1994, chaka chimene Bakili Muluzi anapambana chisankho cha pa 17 Meyi, ndipo anakhazikika ku Mzuzu.

Mzinda umenewu ndi wamng'ono pa zaka kuyerekeza ndi iwo. Pamene ankabadwa, malo ofunika m'derali anali Ekwendeni ndi boma la Mzimba. Mzuzu unayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati likulu la esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake zimatulutsa mafuta opangira penti. Kenako unakhala likulu la chigawo cha kumpoto, ndipo unalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985, iwo ali ku Zambia. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzindawu muli anthu oposa 220,000. Anthu a chigawochi anali ndi zilonda zawo za ulamuliro wa chipani chimodzi, monga kuchotsedwa kwa Chitumbuka pa wailesi mu 1968 ndi kubwezedwa kwa aphunzitsi ku zigawo za kwawo mu 1989. Kwa iwo munthu wobwera kuchokera kothawira sanali mlendo wofunika kumufotokoza.

Mayi Chibambo anafika ali ndi zaka za m'ma 60, ndipo sanapezenso malo apamwamba m'ndale zatsopanozo, zimene zinali ndi eni ake ena. Anachita bizinesi mumzindamo, ndipo mphamvu zawo zambiri anaziika ku ntchito za mpingo ndi zachifundo. Anatumikira m'mabungwe monga Christian Service Committee ndi Malawi Council of Churches, anathandiza pa ntchito yosamalira ana amasiye amene makolo awo anamwalira ndi Edzi, komanso anali m'gulu la mipingo yosiyanasiyana loyendera akaidi. Zaka zimenezo Edzi inali itafika pachimake, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma, ndipo agogo ambiri ndiwo ankalera zidzukulu. Za kundende iwo sankachita kumva kwa wina.

Ulemu wochokera ku boma unabwera mochedwa. Mu 2009 pulezidenti Bingu wa Mutharika anakumana nawo ndipo msewu wina wa mu Mzuzu unatchedwa dzina lawo. Mu 2012 Reserve Bank of Malawi inatulutsa ndalama zatsopano za mapepala zokhala ndi nkhope za anthu osiyanasiyana, m'malo mwa John Chilembwe yekha. Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II inaikidwa pa K20, Inkosi Gomani II pa K50, James Sangala pa K100, Mayi Chibambo pa K200, Chilembwe pa K500, ndi Dr. Banda pa K1,000. Pa anthu onsewo iwo okha ndiwo anali mayi, ndipo iwo okha ndiwo anali moyo. Kuseri kwa K200 kuli chithunzi cha Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe. Ana asukulu ambiri anayamba kufunsa za iwo atangoona nkhope ya mayi pa ndalamayo, ndipo atolankhani ndi ofufuza mbiri anayamba kupita ku Mzuzu kukacheza nawo.

Imfa

Mayi Chibambo anamwalira pa 12 Januwale 2016 pa chipatala cha Mwaiwathu ku Blantyre ali ndi zaka 87. Thupi lawo linatengedwa kupita ku Mzuzu, ndipo linaikidwa mwaulemu wa boma pa manda a ngwazi za dziko otchedwa Heroes Acre, pamene panaikidwanso Chakufwa Chihana mu 2006.

Asanamwalire anacheza nthawi yaitali ndi Timwa Lipenga, mphunzitsi wa pa University of Malawi. Zokambirana zawozo zinasindikizidwa mu 2019 m'buku lotchedwa Lomathinda: Rose Chibambo Speaks, momwe iwo eni akufotokoza za ubwana wawo ku Kafukule, za bungwe la amayi, za ndende ya Zomba ndi za zaka za ku Zambia.